Manda a Obedi Kwenda Ali Pawiri

Ndalemba izi ine Emeliya Nambewe, mkazi wa malemu Obedi Kwenda, amene anali mkulu wa mpingo wa CCAP kuno ku Hwange. Ndalembera inu adzukulu anga, makamaka inu amene ndikakuyankhulani Chichewa mumangoti “yebo gogo” kenako n’kuthawa. Ngati kuwerenga kukukanikani, pezani munthu akuwerengereni. Tsiku lina ndinamva Sithabile akuuza mnzake kuti agogo ake aamuna anali nkhalamba ya jekete ndi Baibulo basi. Basi? Mwana iwe, agogo ako anaikidwa m’manda kawiri, ndipo maliro oyambawo ine mkazi wawo sanandiitane n’komwe.

Agogo anu anabadwira ku Kasungu, m’mudzi wa Kanyumbu. Anali mwana wamwamuna yekha pakati pa alongo atatu. Kwawoko mwamuna wotere sakhala wa mkazi wake, amakhala wa alongo ake. Iye ndiye mwini mbumba. Ana a alongo ake akadwala, akafuna kukwatiwa, akalimbirana munda, onse amayang’ana kwa iye. Anachoka kumudzi mu 1958 pa magalimoto a Mthandizi, aja ankatola anthu odzagwira ntchito kuno. Anauza amayi awo kuti akukangopeza njinga ndi mabulangete, mvula ikagwa kawiri abwerera.

Ine ndine wobadwira konkuno, m’komboni ya ku Namba Wani. Bambo anga anali a ku Ntcheu, ankaphikira azungu, koma ku Ntcheuko ine sindinapondeko. Agogo anu ndinawadziwira kutchalitchi. Ankakhala kumbuyo, ndipo akayamba kuimba mawu awo ankamveka ngati sitima ya malasha ikukwera chitunda. Atsikana anzanga ankaseka. Ine ndinkasekanso, mpaka ndinapezeka kuti ndakwatiwa nawo. Katundu amene anabwera naye m’banja anali sutikesi ya chitsulo, Buku Lopatulika, ndi kampeni kakang’ono ka chigwiriro cha mtengo. Kampeniko anandipatsa kuti ndizisendera masamba, koma anandiuza kuti ndisadzakataye ngakhale katatha. Sindinafunse chifukwa chake.

Mumgodi ntchito yawo inali yochirikiza denga ndi mitengo kuti lisagwere anthu. Kampani inatipatsa nyumba ku Lwendulu, ndipo nyumba ya kampaniyo iwo anaisandutsa mudzi. Kuseri anamanga nkhokwe yeniyeni, yoluka ndi timitengo, mpaka anthu ankabwera kudzaona. Anatsegula munda m’mphepete mwa njanji, ndipo ana athu onse asanu ndi awiri, kuyambira Laiton woyamba uja, anaphunzira khasu asanaphunzire pensulo. M’mawa uliwonse, asanavale nsapato za ntchito, ankatisonkhanitsa tonse kuti tipemphere. Ankayamba ndi amayi awo, kenako mlongo wawo wamkulu Esinati, kenako enawo, kenako mbuzi za kwawo, ndipo ife a m’nyumba tinkabwera kumapeto, mawondo atayamba kale kuwawa.

Nyengo ankawerengera ya kwawo. Kuno dzuwa likuswa mtengo, fumbi la malasha lili m’mano, iwo amvekere, “Kwathu pano masuku apsa.” Kapena, “Kwathu pano akupalira kachiwiri.” Mpando wawo unkayang’ana kumpoto chakum’mawa nthawi zonse, ndipo ndikausuntha posesa, ankaubwezera pamalo pake.

Koma chinthu chimodzi chokha ankakana: kubzala mtengo.

“Abambo a Laiton,” ndinkatero, “tibzale mango kuseri kuno. Anawa akumakaba kwa eni ake, tidzachita nawo manyazi.”

“Amake Laiton, mango amachedwa kubala. Adzadya ndani? Ife chaka chamawa tikupita.”

Chimanga, maungu, mtedza, zonse zokolola chaka chomwecho ankabzala. Koma chilichonse chokhala ndi mizu yokhalitsa, ayi. Tsiku lina mandimu anamera okha pafupi ndi bafa. Ndinawatchinga ndi njerwa ngati mwana wobisa. Atawaona anazula, n’kukapatsa aneba. Chaka chamawa chimenecho ndinachimva mpaka tsitsi langa linayera.

Mu Juni 1972 mgodi wa Namba Thu unaphulika, kuja timati ku Kamandama. Amuna oposa mazana anayi analowa m’mawa ndipo sanatulukenso. Ambiri akadali momwemo, chifukwa mgodiwo anautseka ndi simenti. Agogo anu ankagwira momwemo, gulu lomwelo. Koma sabata imeneyo anali m’chipatala, ngolo itawaphwanya phazi. Ndinali nditalira chifukwa cha phazilo, osadziwa kuti phazilo ndi limene landisungira mwamuna. Atatuluka m’chipatala ankayenda chotsimphina nyumba ndi nyumba kwa akazi amasiye, osanena zambiri, kungokhala nawo pansi. Mpingo unaona zimenezi, ndipo patapita zaka zochepa unawasankha kukhala mkulu.

Kuyambira chaka cha ngoziyo makalata ochokera kwawo analeka. Ankalemba, osayankhidwa. Ankatumiza mawu kwa anthu opita kumudzi, obwerera ena ankati pamalopo pali esiteti ya fodya, mudzi sukuoneka. Iwo ankaganiza kuti abale awo anawakwiyira chifukwa chokwatira kuno osauza ankhoswe, ndiponso chifukwa chochedwa. Manyazi anawagwira. Nkhondo inabwera, njira zinavuta, ana anafuna sukulu, mpingo unafuna denga. Koma pemphero la m’mawa silinasinthe. Amayi awo ankatchulidwabe poyamba: “Muwapatse mphamvu m’miyendo, Ambuye, kuti ndikawapeze.”

Pa ukulu wa mpingo anali munthu wosapindika. Mlaga wawo, ndiye kuti dera la nyumba zimene ankayang’anira, ankauyendera wapansi ndi phazi lopunduka lomwelo. Sankaona nkhope. Laiton wathu atapezeka kumowa, iwo eni ndi amene anamutengera kubwalo la akulu ampingo, ndipo anamuimitsa mgonero. Ndinawakwiyira mwezi wathunthu. Koma mlandu umene ankadana nawo kwambiri unali wa amuna osiya akazi. Mwamuna akathawira ku Bulawayo kapena ku Joni n’kusiya mkazi ndi ana, agogo anu ankamufunafuna mpaka amupeze. Ankati, “Unalonjeza pamaso pa Mulungu, osati pamaso pa ine. Ine ndangobwera kudzakukumbutsa.” Sungani mawu amenewa, mudzawamvanso.

Atapuma pa ntchito tinachoka m’nyumba ya kampani n’kudzakhala kuno ku Empumalanga, m’nyumba ya Laiton. Pabwalo panali mbee, popanda mthunzi. Mkazi wa Laiton anafuna kubzala magwafa. Agogo anu anangomuyang’ana, iye n’kubweza khasu.

Tsopano ndifike pa chaka cha 2005.

Chaka chilichonse mu Juni anthu amasonkhana ku Kamandama kukumbukira amene anatsala pansi aja. Mwambo waukulu ukatha, ife a mpingo wathu tinkatsalira pambali kuti tipemphere m’Chichewa. Chaka chimenecho ndinali nditavala yunifomu yanga ya Chigwirizano, ndaima ndi amayi anzanga, ndipo ndinaona mayi wina wachilendo, wazaka ngati makumi anayi, akuzungulirazungulira atagwira mpango m’manja. Atamva tikuyankhula Chichewa anabwera, nagwada.

“Pepani amayi, ine ndine mlendo. Dzina langa ndine Joana, kwathu n’ku Kasungu. Ndimagulitsa zitenje ku Livingstone. Amayi anga anandituma kuti ndikadzafika kufupi ndi Wankie, kumene pano mumati Hwange, ndidzatapeko dothi pamene anafera atsibweni anga, mlongo wawo. Sindikudziwa kuti nditape pati.”

Tinamumvera chisoni. Mayi wina anamufunsa dzina la malemuyo.

“Obedi Kwenda.”

Amayi onse anatembenukira kwa ine. Ine ndinaloza ndi chala. “Obedi Kwenda ndi uyo wanyamula Baibuloyo. Dothi lake n’lomwe lili kunsapatoko.”

Musandiweruze, mawuwo anangotuluka. Joana anayang’ana. Agogo anu anali atavula chipewa, akutsegula Buku. Akuti chipumi chawo ndi cha amayi ake a Joana ndendende. Mayiyo anakuwa, nagwa chagada, mpango uko. Tinamuthira madzi. Atatsitsimuka, agogo anu anawerama kuti amupatse moni, iye anabisa manja m’chitenje.

“Musandigwire! Inu tinakuikani! Manda anu ndimasesa ndine!”

Tinamutengera kunyumba pa kombi, minibasi ya kuno, atakhala kutali nawo, akuwayang’anira m’mbali. Anayamba kukhulupirira atawaona akudya, chifukwa akuti wakufa sapempha mchere. Kenako anafotokoza zonse. Ngozi ija itachitika, munthu wina wa mudzi woyandikana nawo amene ankagwira ntchito kuno anabwerera kwawo ndi mantha. Anawauza kuti gulu lonse la Obedi linalowa ndipo palibe anatuluka. Sananame, anangonena zimene ankadziwa. Za chipatala sanazimve. Kumudzi analira maliro. Popeza mtembo panalibe, anadula thunthu la nthochi, nalikulunga m’bulangete lakale limene Obedi anasiya, naliika m’manda monga amachitira munthu akafera kutali. Anameta. Pasanapite nthawi mudzi unasamutsidwa kuti papite esiteti, koma manda sanawakhudze.

Agogo anu anamvetsera, manja ali pamawondo. Kenako anafunsa chinthu chimodzi.

“Amayi?”

Joana anayang’ana pansi. “Agogo anamwalira patangopita zaka ziwiri. Anati tiwaike pafupi ndi inu. Asanamwalire anabzala mbawa kumutu kwa manda anu. Pano ndi chimtengo, anthu awiri sangachikumbatire. Mthunzi wake umafika pa manda onse awiri.”

Agogo anu anaseka pang’ono, kuseka koipa kumva. “Ine amene sindinabzalepo mtengo, ndili ndi mtengo.” Ananyamuka n’kupita kuseri kwa nyumba. Ndinaletsa aliyense kuwatsatira. M’mawa mwake pa pemphero anatsegula pakamwa kuti ayambe monga mwa masiku onse, mawu anakana. Zaka makumi atatu anakhala akupempherera miyendo ya munthu wogona m’manda. Laiton ndi amene anamaliza pempherolo.

Joana anabwerera kwawo, ndipo anakonza zoti amayi ake, Esinati, awatengere pamalo pamene pali foni. Alongo ena awiri anali atamwalira. Esinati yekha ndiye anatsala, maso atachita khungu. Linali Lamlungu masana, tonse tili pabwalo, foni ya Laiton ili pakati, ataikweza mawu.

“Ndani ameneyo?” Mawu a nkhalamba, koma akuthwa.

“Ndine Obedi, alongo.”

“Obedi ndinamuika ndekha. Ngati ndiwe Obedi, unandibera chiyani tsiku lochoka?”

Agogo anu, mkulu wa mpingo, woweruza akuba nkhuku, anameza malovu pamaso pa adzukulu awo. “Kampeni kanu kosendera chinangwa.”

“Iwe Obedi! Wakuba iwe! Ndinamenya mng’ono wanga Nabanda wosalakwa chifukwa cha mpeni umenewo!”

Kenako kunangomveka kulira, uku ndi uku. Ine ndinali nditagwira kampeni komweko m’manja, ndikusadzula nkhwani. Kanali katatha mpaka kupyapyala ngati udzu. Ndipo chinandibaya si mpeniwo ayi, koma liwu lakuti “iwe”. Chikwatiwire sindinamvepo munthu akuwatchula agogo anu kuti iwe. Azungu a mumgodi okha, koma amenewo sitiwawerengera. Mayi ameneyu anawatchula choncho, ndipo iwo nkhope inawala ngati kamwana. Ndinadziwa pomwepo kuti ndapeza mkazi mnzanga wolimbana naye, ndipo anali woyamba iyeyo.

Esinati sanazungulire. Anati munthu wamoyo sakhala ndi manda. Akuluakulu anena kuti mwini wake abwere, aime pamenepo anthu akuona, abusa apemphere, mandawo awafafanize. Anatinso ana a alongo ake akulimbirana minda, mbumba ilibe mwini, ndipo iye sakufuna kufa asanagwire nkhope ya mlongo wake ndi manja.

“Ndikubwera,” anatero agogo anu. Sanandiyang’ane.

Vuto linali mapepala. Iwo anabwera kuno kulibe za mapasipoti, ndipo chitupa chawo cha kuno chinali ndi chilembo chosonyeza kuti ndi mlendo. Laiton anapita ku Harare kukafunsa. Anabwera ndi yankho lakuti chimene chingapezeke msanga ndi pepala la ulendo umodzi, la munthu wobwerera kwawo. Lopita lokha. Zobwereranso kuno, pa msinkhu wawo ndi mmene zinthu zinalili zaka zimenezo, panalibe amene akanalonjeza.

Anatulutsa sutikesi ya chitsulo ija n’kuiyanika padzuwa. Anapukuta nsapato. Ankayenda m’nyumba akung’ung’udza nyimbo. Anandiuza kuti, “Amake Laiton, konzekani. Chaka chamawa chija chakwana.”

Ndinali ndikusenda mtedza pakhonde. Ndinaika lichero pansi.

“Ine sindipita.”

“Mwati bwanji?”

“Ndati sindipita. Kwanuko ine ndikakhala ndani? Mudzi ndi wa alongo anu, minda ndi ya alongo anu. Inu mukadzatseka maso, ine adzandionetsa msewu, ndipo msewuwo sindidziwa kumene upita. Amayi anga ali m’manda a ku Namba Wani. Ana anga awiri ali pomwepo. Otsalawa ali pano, adzukulu ali pano. Mukufuna ndisiye anthu anga ndikalondere nthochi?”

“Ndi magazi anga, Nambewe. Ndine mwini mbumba.”

“Nanga awa ndi madzi? Iwo anakwirira nthochi, ine ndakhala ndikuchapa malasha m’malaya anu zaka makumi anayi. Phazi limenelo analisambitsa ndani? Mwini wake wa munthu ndi amene wamulira kapena amene wamusunga?”

Anati ngati sindifuna, apita okha, ana adzandisamala. Apa m’pamene ndinatulutsa chimene ndinasunga.

“Chabwino, akulu ampingo. Pitani. Koma musanapite mukaitanitse bwalo, mukawauze anzanu. Ndi amuna angati munawaimika pamenepo chifukwa chosiya akazi awo? Munkawauza chiyani? Ine sindikukuletsani. Ndangobwera kudzakukumbutsani.”

Anandiyang’ana ngati ndawamenya. Sindikupepesa pa mawu amenewo, ndipo ndikanati ndibwerere tsiku lomwelo ndikanawanenanso. Banja langa silinali chinthu choti munthu angodikirirapo basi.

Lamlungu lotsatira ndinaitana onse. Ana, apongozi, adzukulu, ngakhale a ku Lwendulu ndi a ku Dete. Sindinawauze choti anene. Ndinangoti bwerani mudzadye. Tikuchokera kutchalitchi anapeza pabwalo padzaza, ena akhala pa njerwa, ena pa zidebe, ana akulira, Chindebele chili pwirikiti. Anakhala pa mpando wawo uja woyang’ana kwawo, koma kutsogolo kwake kunali anthu okhaokha, kumpoto sikunkaoneka. Mthokozisi, mwamuna wa mdzukulu wathu Shylet, anabwera kudzawagwadira ndi nkhani ya dzina la mwana wawo wakhanda. Tanyaradzwa, mdzukulu winanso, anabwera kudzadandaula za mwamuna wake. Laiton ndi mng’ono wake anabweretsa mkangano wawo wa munda wa kunjanji. Sindinawatume, ndi mmene zinkakhalira nthawi zonse akasonkhana. Agogo anu anaweruza zonse, mmodzimmodzi, mpaka dzuwa linapendeka. Pomaliza ndinawapatsira madzi akumwa n’kunena motsitsa kuti, “Mbumba ija mukuifuna ku Kasungu, si iyi?” Anamwa madziwo.

Masiku otsatira sanadye bwino. Sutikesi inali pakhomo, yosatseka. Ine ndinkaidutsa ngati sindikuiona. Ndikanena kuti ndinkadziwa chimene adzasankhe, ndinama. Tsiku lina m’mawa anavala jekete, nakwera kombi osanena kumene akupita. Ndinathamangira kuchipinda kukaona ngati Buku lawo lilipo. Linalipo. Anthu anandiuza pambuyo pake kuti anawaona ku Kamandama, atakhala pamwala okhaokha, chipewa chili pabondo.

Anabwera masana, thukuta lili kamukamu, atanyamula kanthu m’pepala la mkaka. Kanali kamtengo ka mango, masamba anayi okha. Anakapempha kwa mayi wina wamasiye wa ngozi ija.

“Amake Laiton, khasu lili kuti?”

Ndinangolowa n’kukalitenga. Anakumba okha pakati pa bwalo, nakana kuthandizidwa. Atakwirira anapondaponda ndi phazi lopunduka lija, n’kunena osandiyang’ana:

“Kwathu ndinafika kale. Ndakhala ndikugona pambali pa amayi zaka zonsezi, mthunzi ndili nawo. Kuno n’kumene ndinali ndisanafike.”

Kuuza Esinati kunali kovuta. Ndinamva ndekha pa foni. Anawatukwana, anawatchula mtchona, munthu wotayika m’dziko la eni. Ananditchulanso ine, koma zimenezo ndinazikhululukira. Agogo anu anangomvetsera. Kenako anati, “Alongo, mbumba ndaipereka kwa Raphaeli, mwana wanu wamkulu. Akavutika aziimba, ndizimuthandiza. Koma ndikupempha chinthu chimodzi. Mandawo musafafanize.”

“Munthu wamoyo ndi manda? Anthu adzati chiyani?”

“Muwauze kuti mwini wake wakana. Amayi anapempha kuti agone pafupi ndi ine. Mukafafaniza, atsala okha.”

Pomaliza Esinati anati, “Mpeni wanga ubweze.” Tinautumiza ndi Joana. Akuti Esinati ankagona nawo pansi pa pilo. Anamwalira mvula ya chaka chotsatira, nkhope ya mlongo wake asanaigwire.

Musaganize kuti agogo anu anachira. Sanachire. Mpando wawo unkayang’anabe komweko, ndipo masuku akapsa kwawo ankatiuzabe. Nthawi zina ndinkawapeza atatseka maso, milomo ikuyenda, ndikafunsa ankati akuwerenga mitengo ya panjira yochokera kuchitsime kupita kwa amayi awo, kuti aone ngati akuikumbukira yonse. Mawu akuti chaka chamawa sanawanenenso, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinayamba kuwasowa. Munthu amene ankati tikupita anali ndi kuwala kwina m’maso. Amene anatsala nane anali wofatsa, wanga yense, koma kuwala kuja kunachepa.

Kamtengoko ankakasamala ngati mwana wobadwa masiku osakwana. Anakatchinga ndi minga chifukwa cha mbuzi. Mu 2008, chaka cha njala chija, m’masitolo muli mashelefu okhaokha, mipopi ikungotulutsa mphepo, iwo ankasunga madzi amene asambira n’kukathirira. Tsiku lina ndinawagwira akuthira theka la tiyi wawo.

“Abambo a Laiton, mtengo umamwa tiyi?”

“Wopanda shuga yemweyu? Nawonso uzolowere.”

Chifuwa chinawagwira kumapeto kwa chaka chomwecho. Anadwala masabata ochepa. Tsiku lomaliza anapempha kuti tiwatulutse panja. Kamtengo kanali kakufika m’chiuno, mthunzi wake wosakwanira ngakhale nkhuku. Anakayang’ana n’kunena kuti, “Adzadya ndi ana a Shylet.” Anatipempherera tonse, ndipo tsiku limenelo anayamba ndi ine.

Tinawaika kuno ku Hwange. Tchalitchi chinadzaza mpaka panja, anabwera Anambya, Andebele, a ku Zambia, a ku Mozambiki, ndi amuna ena amene iwo anawabweza kwa akazi awo, atayera mitu, akazi awowo ali pambali. Ndinawawerenga ndi maso. Palibe mwana wanga amene anasowa.

Joana anafika patapita miyezi iwiri. Ndinamutengera kumanda. Anatulutsa mpango womwe uja anabwera nawo tsiku loyamba, anali atausunga. Anagwada, natapa dothi kumutu, namanga. “Tsopano ndatapa pamalo pake,” anatero. Anakalithira pansi pa mbawa, pakati pa thunthu la nthochi ndi amayi awo.

Ndiye mukamva wina akunena kuti agogo anu anali mlendo kuno, mumuonetse mtengo uli pabwalowo. Chaka chino wandipitirira paphewa. Sunabalebe. Ndikadzaona mwana aliyense akuthyola nthambi, kaya ndi wa ndani, adzandidziwa. Ndipo nyumba ino musadzagulitse kwa munthu wodula mitengo.

Chimene sindinayembekeze ndi ichi. Ine amene ndinakana Kasungu ndi mphamvu zanga zonse, masiku ano ndikasesa pabwalo mpando uja sindiusuntha, ndipo ndikatopa ndimakhalapo. Joana akabwera ndi zitenje zake sindimufunsa za mitengo ya nsalu. Ndimamufunsa za mbawa. Yatalika bwanji? Masamba amagwera mbali iti? Pali mbalame? Iye amaseka, amati, “Mayi, mwandifunsa kale zimenezi.” Ndimamuuza kuti anenenso. Mapepala ndilibe, miyendo yatha, ndipo ndikudziwa kuti sindidzauona. Koma mwa inu nonse, mmodzi adzapite. Adzatenge bango loyamba la mtengo wa mango uno, ngakhale litafika litavunda, akaike pansi pa mbawayo. Akafunsidwa kuti ndiwe yani, asadzayankhe m’Chindebele.